Sitinagonane koma msambo wachedwa: kodi umuna wa pathawulo ungapereke mimba?

Kalata iyi yachokera kwa mtsikana wa zaka 24 wa ku Zomba, amene wapempha kuti ndisamutchule dzina. Ndaifupikitsa pang'ono.

"Amayi anesi, ndithandizeni, sindikuona tulo. Ndili ndi bwenzi, chinkhoswe tinachita kale ndipo ukwati wathu uliko mu Disembala. Tinagwirizana kuti sitigonana mpaka tidalitse ukwati, ndipo ine sindinagonepo ndi mwamuna chibadwire. Masabata atatu apitawo ndinapita kukamuona, tinayamba kugwiranagwirana mpaka iye anathira umuna pantchafu panga. Ndinali nditavala panti, koma pena pake pananyowa. Iye anadzipukuta ndi thawulo. Patapita mwina ola limodzi ndinakasamba n'kudzipukuta thupi lonse ndi thawulo lomwelo, sindinaganize. Pano msambo wanga wachedwa ndi masiku 5, mabere akupweteka, m'mawa ndikumamva nseru. Mnzanga wa kuntchito akuti umuna umakhala wamoyo masiku 5. Akutinso kwawo kuli mtsikana amene anatenga mimba chifukwa chosambira m'beseni limene anasambira alamu ake. Kodi ndili ndi mimba? Ndikawauza chiyani amayi anga ndi akumpingo, poti palibe amene angandikhulupirire?"

Mwananga, yamba wakhazika mtima pansi. Wachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Malinga ndi mmene wafotokozera, n'zokayikitsa kwambiri kuti uli ndi mimba. Za thawulo zija uzichotseretu m'mutu, silingakupatse mimba. Pamene ndikufuna tichedwepo ndi pa panti wonyowayo, ngakhale kuti naponso mpata wake ndi wochepa zedi. Ndipo popeza papita masabata atatu, nthawi yomangoganizira yatha, kachipangizo koyezera mimba kangakuuze zoona mawa lomwe m'mawa.

Pa zaka zoposa 20 zimene ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba, funso lakoli ndalimva kambirimbiri, ndipo silifunsidwa pagulu. Munthu amakhala pabenchi kudikira kuti anzake onse athandizidwe, amalowa pomalizira, amayamba wadandaula za mutu kapena za m'mimba, ndiye akafika pakhomo potuluka m'pamene amatembenuka n'kunena chapansipansi kuti, "Anesi, ndili ndi kafunso." Ena ndi ophunzira a ku koleji. Ena ndi amayi a ana atatu amene amuna awo ali ku Joni, akuopa bafa limene amasambira limodzi ndi anthu a lendi anzawo. Choncho usadzione ngati mbuli. Ambirife tinangouzidwa kuti ukasewera ndi anyamata utenga mimba, osatiuza kuti mimbayo imalowa bwanji kwenikweni.

Mnzako wa kuntchitoyo sananame, koma wakuuza mbali imodzi. Masiku 5 amene akunenawo ndi a mkati mwa thupi la mayi, osati panja.

Tisiyanitse kaye zinthu ziwiri. Umuna ndi madzi oyererako, onanda, amene amatuluka mwamuna akathira, ochuluka ngati sipuni yaing'ono ya tiyi kapena kucheperapo. M'madzimo ndi mmene muli timbewu tenitenito, tosaoneka ndi maso, tokhala ndi kamutu ndi kamchira ngati mbululu. N'tating'ono moti pafupifupi 20 titandandalika mutu ndi mchira m'pamene tingakwane milimita imodzi. Timakhalamo mamiliyoni ambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mu 2021, linaika timbewu 16 miliyoni pa mililita imodzi ngati malire a m'munsi poyeza umuna. Anthu akamva za mamiliyoni amachita mantha, amati pa chigulu chonsecho kamodzi sikangalephere kulowa. Koma timachuluka chonchi chifukwa ulendo wake umapha pafupifupi tonse. Ngakhale umuna wonse utathiridwa mkati, pakhomo penipeni pa chiberekero, timene timakafika kumtunda kumene kuli dzira ndi mazana ochepa chabe. Mwa mabanja 100 athanzi amene akugonana mwezi wathunthu popanda njira iliyonse yolera, amene amatenga mimba mwezi umenewo ndi pafupifupi 20 mpaka 25. Enawo amadikira mwezi wina.

Timbewuti tilibe miyendo. Sitikwawa, sitidumpha, sitiboola nsalu youma. Timangosambira basi, mamilimita ochepa pa mphindi, ndipo kuti tisambire timafuna chinyezi, kufunda kwa thupi, ndi madzi ogwirizana nato. Amene munakhalako kunyanja mukudziwa mmene usipa umachitira ukavuulidwa n'kuyanikidwa pathandala. Umaphupha kanthawi, kenako zii. Ukauma, ngakhale muubwezere m'nyanja susambiranso. Mbewu ya abambo ndi chimodzimodzi. Umuna ukangouma, timbewu tafa, ndipo kunyowetsanso sikutidzutsa. Pakhungu lofunda, umuna wopakika umauma m'mphindi zochepa. Pansalu ya thonje ngati thawulo, ulusi umamwa madziwo mofulumira n'kusiya timbewu titakodwa momwemo.

Izi ndinadzionera ndekha ndili wophunzira. Bambo wina wa mu labotale anatiitana kuti tisuzumire pa maikulosikopu, atadontheza umuna pakagalasi. Pakati pa dontholo panali piringupiringu ngati msika wa Loweruka, tina tikuthamanga molunjika, tina tikungozungulira pamalo amodzi. Koma m'mphepete, mmene dontho linali litayamba kuuma, tinali titagona kale mizeremizere, tosagwedezeka. Titapita kukaona zina n'kubwereranso, mbali ya takufa inali itasendera mkati. N'chifukwa chake bambo amene akuyezetsa mphamvu yobereka timamuuza kuti kabotolo akatseke bwino, akaike m'thumba la malaya pafupi ndi thupi, ndipo kafike ku labotale ola limodzi lisanathe. M'kabotolo kotseka choncho, kapena mu kondomu yogwiritsa kale ntchito, timbewu tingakhale tamoyo maola angapo chifukwa umuna sunaume, komabe timakhala tikufookerafookera. Pa chifukwa chomwechi kondomu sivalidwa kawiri, ndipo ikavalidwa motembenuza siitembenuzidwanso, imatayidwa n'kutenga ina. Timbewu timene mumamva kuti timasungidwa zaka zambiri m'zipatala zothandiza osabereka timasakanizidwa ndi mankhwala apadera n'kuikidwa pozizira koopsa, madigiri 196 pansi pa ziro. Zimenezo sizichitika pathawulo.

Mkati mwa mayi nkhani imasintha, koma osati masiku onse a mwezi. Njira ya mayi mwachibadwa imakhala ndi asidi woteteza ku tizilombo, ndipo asidi yemweyo amapha timbewu tambiri m'maola ochepa. Dzira likatsala pang'ono kutuluka, khomo la chiberekero limatulutsa chikazi choterera, choonekera ngati choyera cha dzira losaphika, chimene ukachigwira ndi zala ziwiri chimatanuka osaduka. Mwina unachionapo pakatikati pa mwezi. Chikazi chimenecho ndicho chimatsegulira timbewu msewu, kutidyetsa ndi kutibisa kwa asidi uja, ndipo m'menemo ndi mmene timatha kudikira mpaka masiku 5. Dzira lenilenilo likatuluka limangokhala maola 12 mpaka 24. Kafukufuku wina wa ku America amene anasindikizidwa mu 1995 anatsatira amayi 221 ofuna mimba, ndipo anapeza kuti mimba zonse zinachokera pa kugonana kwa m'masiku 6 okha: masiku 5 dzira lisanatuluke ndi tsiku lotulukalo.

Tibwerere ku thawulo lako. Umuna unapukutidwa, unamwedwa ndi ulusi, unakhala pamphepo ola lathunthu. Kenako unakumana ndi thupi lonyowa madzi a m'bafa ndi zotsalira za sopo. Madzi wamba alibe mchere wofanana ndi wa m'thupi, choncho amatupitsa timbewu mpaka tisathenso kusambira, ndipo sopo amasungunula kakhungu kake kopyapyala. Ndiye pambuyo pa zonsezi takufato tikanafunika kudzuka, kuchoka pathawulo, kupeza khomo la njira, n'kukwera tokha mpaka kumtunda. Sizitheka. Chimodzimodzi beseni, bafa, dziwe, mtsinje, chimbudzi chokhalira, zofunda zimene wina anagonapo dzulo, kapena kuchapira zovala zamkati pamodzi. Pa zaka zanga zonsezi sindinaonepo mimba yobwera mwa njira zimenezi.

Nkhani ya mtsikana wa m'beseni ija ndaimva m'maboma osiyanasiyana. Imangosintha wosamba woyamba, pena alamu, pena atsibweni, pena mwana wa abwana a panyumba imene mtsikanayo amagwira ntchito. Ndikaimva imandipweteka mtima, chifukwa mimba ya mwanayo imakhala yeniyeni, koma sinachokere m'beseni. Nthawi zambiri beseni limanamiziridwa pamene pali munthu amene banja likumuikira kumbuyo, kapena pamene mwana waopsezedwa kuti akaulula aona zakuda. Owerenga inu, mwana wa kwanu akadzakuuzani chonchi, musamukalipire kuti ndi wabodza, komanso musavomereze za beseni n'kutseka nkhani. Khalani naye pawiri, mumufunse mofatsa, ndipo mupite naye kuchipatala ndi ku ofesi ya polisi yoona za nkhanza. Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Nambala ya 116 ndi yaulere, yothandiza ana amene achitiridwa nkhanza.

Tsopano za panti. Ukanakhala m'chipinda changa ndikanakufunsa mafunso ochititsa manyazi pang'ono, ndiye dzifunse wekha. Pananyowa pati, m'mphepete cha kuntchafu kapena pakati penipeni? Kodi pantiyo anasunthidwira pambali nthawi ina iliyonse? Kodi zala zonyowa umuna, zake kapena zako, zinakhudza pakhomo pa njira kapena kulowa mkati? Ngati umuna unagwera pantchafu n'kungonyowetsa m'mphepete, palibe choopa. Ngati unanyowetsa pakati penipeni, pansalu yopyapyala yomatirira kumaliseche, mpata wake ndi wochepa kwambiri chifukwa nsalu imamwa ndi kutsekereza zambiri, koma sindinganene kuti palibiretu. Nsalu si kondomu. Ndikunena mosabisa chifukwa ndikakuuza kuti n'zosatheka konse, wina adzawerenga n'kuyesa panti ngati njira yolera.

Ngozi yeniyeni ili pamene zovala zavulidwa. Zaka zingapo zapitazo kunabwera mtsikana wamkulu ndithu, wa msinkhu wako, ataperekezedwa ndi azakhali ake, mimba itayamba kuonekera. Ankalumbira akulira kuti sanagonepo ndi mwamuna, azakhaliwo n'kumamudula mawu kuti asiye kutichititsa manyazi ndi bodza. Ndinawapempha kuti atidikire panja. Titatsala awiri anafotokoza kuti iye ndi bwenzi lake ankachita zimene iwo ankati kungopaka pamwamba, onse atavula, mwamunayo osalowa koma n'kumathira pakhomo penipeni. Mtsikanayo sankanama. Ankangokhulupirira kuti popeza unamwali wake ulipo, khomo ndi lotseka. Koma kachikopa kamene anthu amati unamwali kali ndi kabowo, ndipo m'pamene magazi a msambo amatulukira mwezi ndi mwezi. Potulukira magazi, mbewu ingalowerenso. Umuna wauwisi ukathiridwa pamenepo tsiku limene chikazi choterera chija chatsikira kunja, timbewu timapeza msewu wokonzakonza. Sizichitika kawirikawiri ngati pa kugonana kwenikweni, koma zimachitika, ndipo mwana amene anabadwa pa mimba imeneyo ndinamulandira ndine.

Zala nazonso zili pomwepo. Chala chimene changogwira kumene umuna, chikadali chonyowa, chikalowa mkati chimanyamula timbewu tamoyo. Chikakhala chouma kapena chosambitsidwa ndi sopo, palibe vuto. Palinso timadzi toyera timene timatsogola mwamuna asanathire. Timadziti timachokera kwina, osati kumene kumapangidwa mbewu, koma timatha kutenga timbewu m'njira. Pa kafukufuku wa ku Britain wa mu 2011, mwa abambo 27 amene anayezedwa, 11 anapezeka ndi timbewu m'timadzi timeneti, ndipo mwa 10 tinali tikusambira. Mwamuna sangamve kuti timadziti tatuluka liti, ndiye lonjezo lakuti "ndithira panja" ndi lovuta kulisunga ngakhale kwa wokhulupirika. Mwa amayi 100 amene amadalira kuthira panja chaka chathunthu, pafupifupi 20 amatenga mimba.

Ndawerengera masiku ako, ndipo sindikubisira zimene ndapeza. Msambo umabwera pafupifupi masiku 14 dzira litatuluka. Iwe umayembekezera msambo masiku 5 apitawo, ndipo zinachitikazo ndi za masiku 21 apitawo. Zikutanthauza kuti tsiku limenelo linali pafupi ndi nthawi imene dzira lako limayenera kutuluka. N'chifukwa chake sindikungokuuza kuti iwala, ndikuti yeza. Koma kuwerengera komweku kukutiuzanso chinthu china. Nkhawa yaikulu imene yamugwera mayi dzira lisanatuluke imatha kuchedwetsa dziralo, chifukwa lamulo lotulutsa dzira limachokera ku ubongo. Dzira likachedwa ndi sabata, msambo umachedwanso ndi sabata. Iwe mantha anakugwira tsiku lomwelo, nthawi yeniyeni imene thupi lako limakonzekera kutulutsa dzira. Ndaona atsikana ambiri amene msambo unawabwerera madzulo a tsiku lomwe anayezetsa n'kupeza kuti alibe mimba.

Mabere kupweteka sikutiuza kanthu, chifukwa amapwetekanso msambo ukayandikira. Zimene zimatupitsa mabere pa mimba yoyambirira ndi zomwezo zimene zimawatupitsa masiku omalizira msambo usanabwere. Nseru ya mimba kawirikawiri imayamba patapita sabata imodzi kapena ziwiri msambo utadumpha. Nseru ya munthu amene sakugona, sakudya bwino, akungodzimvetsera m'mimba ola lililonse, imayamba tsiku lililonse. Msambo umasokonekeranso ndi malungo kapena matenda ena, kuonda kapena kunenepa mwadzidzidzi, ulendo wautali, ngakhale piringupiringu wokonzekera ukwati. Kutalika kwa mwezi wa mayi kuyambira masiku 21 mpaka 35 timakuona ngati kwabwinobwino, ndipo ndi ochepa amene wawo umafika tsiku lomwelo mwezi uliwonse.

Kachipangizo koyezera mimba kamapezeka m'mafamase ndi m'zipatala. Kamafufuza mumkodzo chizindikiro chimene thupi limapanga pokhapokha mimba ikakhazikika m'chiberekero, ndipo kamadalirika kuyambira tsiku limene msambo wadumpha, kapena pakapita masiku 21 chichitikireni chimene ukuopacho. Iwe wakwanitsa zonse ziwiri. Uone tsiku lothera ntchito papaketi. Ugwiritse ntchito mkodzo woyamba wa m'mawa, m'kachitini koyera ndi kouma. Uviike mpaka pamzere wolembedwa, osapitirira, kenako ukagoneke pamalo ouma n'kudikira mphindi zimene zalembedwa papaketipo. Mizere iwiri ndi mimba, ngakhale wachiwiriwo utakhala wosaoneka bwino. Mzere umodzi, mimba palibe. Pakapanda kutuluka mzere uliwonse, kachipangizoko ndi kowonongeka, utenge kena. Usakatolenso m'bini madzulo kuti uonenso, chifukwa mkodzo ukauma umatha kusiya kamzere konamiza, ndipo kamzere kameneko kagonetsa anthu ambiri ndi njala popanda chifukwa.

Ukapeza mzere umodzi koma msambo osabwerabe, uyezenso pakatha sabata. Ukapezanso umodzi, nkhani ya mimba yatha. Msambo ukapitirira kusowa mpaka miyezi itatu, upite kuchipatala akafufuze zina monga chithokomiro kapena vuto la thumba la mazira, ndipo ngati mtima sukukhazikika usadikire n'komwe miyezi itatuyo. Pali zizindikiro zimene sizidikira mawa: kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, makamaka mbali imodzi, kutaya magazi kosiyana ndi msambo wako wa nthawi zonse, chizungulire, kukomoka, kapena kupweteka kunsonga kwa phewa. Kwa mayi amene msambo wadumpha, izi zingatanthauze mimba yokhala kunja kwa chiberekero, imene imapha msanga ikaphulika. Zikatero uthamangire kuchipatala ngakhale usiku.

Ndikupemphe chinthu chimodzi ndi mtima wanga wonse. Usamwe chilichonse choti chitsitse msambo, kaya zitsamba, kaya sopo wochapira, kaya mapilitsi ambirimbiri amene wina wakuuza kuti amathandiza. Ndinasamalirapo mtsikana amene anafika atafookeratu, akusanza mosalekeza chifukwa cha zimene anamwa, ndipo titamuyeza tinapeza kuti mimba imene ankaithawayo panalibe n'komwe. Ngati mizere itatuluka iwiri, chimene sindikuyembekezera, upite kuchipatala akatsimikize ndipo ukayambe sikelo msanga, miyezi itatu isanathe. Pamenepo ukhale pansi ndi bwenzi lako ndi ankhoswe anu, paja ntchito yawo inayamba tsiku la chinkhoswe. Mimba siinyamulidwa ndi munthu mmodzi pamene anaichititsa ndi awiri.

Mapilitsi olera apangozi usamwe pano, nthawi yake inadutsa. Koma uwadziwe, pamodzi ndi owerenga ena amene zawachitikira dzulo kapena dzana. Mapilitsiwa amagwira bwino akamwedwa msanga, m'maola 72, ndipo angathandizebe mpaka maola 120 ngakhale mphamvu yake imachepa tsiku ndi tsiku. Sachotsa mimba imene yakhazikika kale, amangochedwetsa dzira kuti timbewu tife tisanakumane nalo. Ukasanza pasanathe maola awiri utamwa, umafunika kumwanso. Lupu ya kopa ikaikidwa m'masiku 5 imateteza kuposa mapilitsi, ndipo imapitiriza kuteteza zaka zambiri. Oyenera kuganizira njira zimenezi ndi amene umuna wauwisi unafika pakhomo pa njira kapena mkati, kapena amene kondomu inang'ambika kapena kuvuka. Wa thawulo, wa beseni, wa chimbudzi, safunika. Ndikunena izi chifukwa mapilitsiwa amasuntha msambo, umatha kufulumira kapena kuchedwa ndi masiku angapo. Ndinakumanapo ndi wophunzira wina amene anawamwa kanayi m'miyezi iwiri, nthawi iliyonse chifukwa chongokumbatirana ndi bwenzi lake atavala. Msambo ukachedwa chifukwa cha mapilitsiwo ankayesa mimba, n'kukagulanso ena. Chimene chinamuthandiza si mankhwala, tinangokhala pansi theka la ola ndi pepala ndi cholembera n'kuwerengera masiku ake.

Sunafunse za matenda, koma ndisasiye kutchula. HIV sungaitenge pathawulo, m'beseni kapena pachimbudzi. Koma kukhudzana maliseche ndi maliseche popanda kulowa kungapatsire chindoko, tizilonda totuluka mobwerezabwereza kumaliseche, ndi kachilombo ka HPV kamene kamayambitsa njerewere ndi khansa ya khomo la chiberekero. Popeza mukulowa m'banja, mupite awiri mukayezetse magazi ukwati usanachitike, ngati simunatero kale. Ndipo aliyense amene umuna wa munthu amene sakudziwa mmene magazi ake alili wafika kumaliseche kwake, makamaka wogwiriridwa, adziwe kuti pali mankhwala a PEP oteteza ku HIV, oyamba kumwa maola 72 asanathe n'kupitiriza masiku 28.

Pangano lanu lodikira ukwati ndimalilemekeza, ndipo sindikukuona ngati munthu woipa chifukwa cha tsiku limenelo. Ndinu anthu awiri okondana amene atsala pang'ono kukwatirana. Koma mu kalata yako yonse sindikumuona bwenzi lakolo. Kodi akudziwa kuti wakhala masabata atatu osagona? Umuuze. Mukambirane masana, muli pamalo oonekera, kuti malire anu ali pati kuchokera pano mpaka Disembala. Ngati mwasankha kudikira, thandizanani popewa kukhala awiriwiri m'chipinda chotseka. Ngati mukuona kuti mudzafikanso pamene munafikapo, kondomu ikhale pafupi, ndipo ivalidwe maliseche asanakhudzane, osati pomalizira. Atsikana ambiri amene ndawaona atatenga mimba yosakonzekera ukwati usanafike sanali osasamala, anali anthu amene anatsimikiza kuti sadzachita, ndiye tsiku limene zinachitika analibe chodzitetezera. Komanso ngati simukufuna mwana chaka choyamba cha banja, ino ndiyo nthawi yokamva za njira zolera, osati sabata ya ukwati.

Uphungu umenewu ungaupeze kuchipatala cha boma chilichonse chimene uli nacho pafupi, kumene njira zolera ndi zaulere, komanso ku Banja La Mtsogolo kapena ku bungwe loona za kulera la FPAM. Ngati manyazi akukukanikitsa kuonana ndi munthu maso ndi maso, imba ku Chipatala Cha Pa Foni, ukalankhula ndi wazaumoyo m'Chichewa.

Lero madzulo ukaweruka, udutse pa famase ugule tizipangizo tiwiri, kamodzi ka mawa, kena kosungira sabata yamawa. Udye nsima, usamwe madzi ambiri usiku kuti mkodzo wa m'mawa usasungunuke, ndipo bwenzi lakolo ulitumizire uthenga kuti foni yake ikhale yotsegula m'mawa. Amayi ako ndi akumpingo palibe chowauza lero. Ukayeza, undilemberenso undiuze mizere imene watulutsa.